Bakuli la Amake Taeho

Lachinayi lililonse masana a Pyo ankavala jekete lawo lotuwa, n'kukwera basi yochokera kudoko mpaka ku nyumba ya chikhalidwe ya mzinda. Kumeneko salipiritsa. Pansi amaonetsa zithunzi ndi zinthu zakale, pamwamba amaonetsa kanema wa maiko akunja. M'nyengo yozizira mipando inkadzaza ndi nkhalamba zothawa kuzizira kwa m'nyumba zawo, ndipo kanema asanafike pakati theka la holo linkakhala likuliza mkonono.

A Pyo sankagona. Iwo ankabwera kudzaonera.

Amene anayambitsa zimenezi anali akazi awo, amake Taeho. Mayiwo sukulu anangoinunkhiza, moti mawu a Chikoreya olembedwa pansi pa chithunzi ankathawa iwo asanamalize ndi mzere umodzi womwe. Tsono a Pyo ndiwo ankawawerengera, monong'ona, pakamwa pali pafupi ndi khutu. Munthu amene anatha moyo wake akuwotcherera zombo m'phokoso la padoko, amene kunyumba ankangoti "mpunga," "madzi," "tigone," m'holo muja ankalankhula ngati wailesi. Ankalankhulira asodzi a ku Italy, mbava za ku France, akazi amasiye a ku Iran. Mzungu wa pakanema akati, "Popanda iwe sindingakhale moyo," a Pyo ankanena zomwezo mouma ngati akuwerenga za nyengo, amake Taeho n'kuwatsina pamkono.

"Bwerezani pamenepo, sindinamve."

"Padutsa."

"Bodza, mukungochita manyazi."

Magetsi akazima mayiwo ankagwira mkono wa jekete la amuna awo, osausiya mpaka atayakanso. Mdima ankauopa kuyambira ubwana wawo.

Anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chathachi. A Pyo sanasiye kubwera, ndipo milomo yawo inkagwedezekabe yokha m'mdima muja.

Lachinayi lina, sabata yomwe Loweruka lake linali tsiku lokwanitsa chaka chimwalirireni mayiwo, anapeza a Tak akuwadikira pakhomo. A Tak anali dalaivala wa takisi wopuma ntchito, wocheperako msinkhu kwa a Pyo, ndipo pakamwa pawo sipankazizira.

"Mwala wa padoko wafika! Achimwene, lero mwalankhulapo ndi munthu, kapena woyamba ndine?"

"Ee."

"Ee chiyani tsono? Ha, inu mudzafa ndi mawu atsopanotsopano, osagwirapo ntchito."

Makwerero opita kuholo anali atatsekedwa ndi chingwe. Mlonda anawalozera khomo lina: aliyense wopita ku kanema ankayenera kudzera m'chipinda cha chionetsero chatsopano, kuti nachonso chione anthu. Pamwamba pa khomo panalembedwa kuti Makhitchini a Amayi Athu. M'katimo munali miphika yachitsulo yakuda, mitsuko ya kimchi, ndiwo zawo zamasamba zowawasa zija, timatebulo tatifupi, zonse zili m'magalasi, nyali zazing'ono zikuziwalira.

"Taonani chikombe ichi," anatero a Tak. "Chonga chomwechi mayi anga anandiswa nacho mutu. Lero chili m'galasi ngati golide. Mawa adzaikamo ife, achimwene, n'kulemba kuti nkhalamba yakale, osagwira."

Atacheuka anapeza a Pyo ataima njii patsogolo pa galasi la pakona.

M'galasimo munali bakuli la mpunga, la mkuwa, ndi chivundikiro chake. Analikwecha mpaka kuwala kuposa momwe linkawalira kunyumba. Koma pachivundikiro, pafupi ndi m'mphepete, panali pophwanyika pang'ono, ngati pamene padinda chala. Pamenepo anaphwanya ndi Taeho ali wakhanda, akuliyesa ng'oma, mwala uli m'manja. A Pyo anafuna kukawongola kuntchito, amake n'kukana, ati mwana wasainapo.

Mabakuliwo anali awiri ofanana. Amake Taeho anabwera nawo tsiku la ukwati, limodzi la mwamuna, limodzi lawo, monga ankachitira akwatibwi a nthawi imeneyo. La mwamuna linali pa tebulo kunyumba, a Pyo anali atadyeramo m'mawa womwewo. La mkazi analikulunga m'nsalu maliro atatha, n'kuliika pamwamba pa kabati kuti lidikire Loweruka likubwerali, tsiku la jesa, pamene womwalira amabwera kunyumba kudzadya. Umatsegula chitseko pang'ono, n'kumuikira mpunga wodzaza m'bakuli, n'kuzikamo supuni choimirira, iwe n'kugwada. Ndipo amake Taeho sankadyera m'mbale ya munthu wina. Ngakhale kuchipatala, masiku otsiriza, mbale zakumeneko ankazikankhira kumbali mpaka a Pyo atabweretsa bakuli limeneli m'thumba la jekete.

Pansi pa galasi panali kapepala: Bakuli la mpunga. Mkuwa. Mphatso yochokera kwa Pyo Taeho.

"Achimwene, kanema akuyamba."

"Pita."

A Tak anawerenga kapepala kaja, anayang'ana nkhope ya mnzawo, n'kukodola mlonda.

Mlonda anaitana woyang'anira chionetsero. Anali mayi wachitsikana, dzina lake Ha Yerin, wobwera kuchokera ku Seoul, magolovesi oyera akutulukira m'thumba la malaya. Anawerama mwaulemu.

"Agogo, ndamva kuti muli ndi funso."

"Ili ndi la akazi anga."

"Zoona? Ndiye inu ndinu bambo ake a Pyo Taeho! Mwatithandiza kwambiri. Ambiri amatibweretsera atsopano, koma ili likuoneka kuti linadyeredwa. Anthu akulikonda."

"Ndikulifuna."

Mayi Ha anamwetulirabe, koma maso anathamangira kwa mlonda.

"Agogo, mwana wanu sanatibwereke, anatipatsa. Tsopano ndi katundu wa mzinda. Ine ndemwe ndilibe mphamvu yolitulutsa."

"Kiyi muli naye?"

"Kiyi ndili naye, koma..."

"Tsegulani."

"Nkhani ngati imeneyi imapita ku komiti. Amakumana kukayamba kufunda. Mukhoza kupempha, ndidzakuthandizani."

"Loweruka."

"Pepani?"

"Jesa yawo. Loweruka."

Mayi Ha anagwira pakamwa. Anapepesa kawirikawiri, ndipo zinkaoneka kuti akupepesa ndi mtima. Anafotokoza kuti bakulilo analitsuka ndi mankhwala n'kulipaka phula loteteza, kuti ngakhale chala cha munthu chimasiya banga pa mkuwa, nanji mpunga wotentha. Anati tsopano lili pabwino, silidzachitanso dzimbiri, lidzakhalapo ngakhale adzukulu a adzukulu atapita.

"Palibenso amene adzadyeremo, agogo. N'chifukwa chake lidzakhalitsa."

A Pyo analoza bakuli lija.

"Chionetsero chikatha?"

"Timasunga m'chipinda cha pansi pa nthaka. Mulibe chinyezi, mulibe kuwala. Malo abwino kwambiri."

Tsiku limenelo sanakwere kukaonera kanema. Anaima pagalasipo mpaka mlonda anayamba kuzimitsa nyali.

Atafika kunyumba anakwera pa mpando n'kupapasa pamwamba pa kabati. Nsalu inalipo, yopindidwa bwinobwino, mmene amapindira mkazi wa Taeho, amake Sua. Anatenga foni.

"Bwera," anatero, n'kudula.

Taeho anabwera Lachisanu akuweruka kuntchito, atanyamula kabokosi ka m'sitolo. Anavula nsapato pakhomo, n'kukhala pansi moyang'anana ndi bambo ake. Anali wonenepa tsopano, imvi zitayamba m'mbali.

"Bambo, ndikudziwa. Mayi uja wa kuchionetsero anandiimbira. Ndimati ndikuuzani, koma nthawi."

A Pyo anayang'ana pamwamba pa kabati.

"Linali likuchita dzimbiri pamwamba paja. Amake Sua analipeza pokonza m'nyumba muno, labiriwira. Ndiye tinamva kuti mzinda ukufuna ziwiya zakale. Tinati kusiyana ndi kuti lingowola... Amayi akanakondwa, bambo. Nyumba ya chikhalidwe ija ankaikonda. Inu mukudziwa."

"Unandifunsa?"

"Mukanavomera?"

"Ayi."

"Ndiye ndikanafunsiranji?"

Anazindikira kuti walankhula mokweza, n'kutsitsa mawu.

"Bambo, timabwera kuno, timakupezani mwakhala mukuyang'ana kabati. Sua amaopa kulowa. Chaka chatha tsopano. Mawa madzulo abusa abwera kwathu, tipemphera, tiimba, tikumbukira amayi. Amake Sua akuphika zambiri. Ndidzakutengani pagalimoto."

"Amako sanali a tchalitchi."

"Sanakane ayi. Kuchipatala abusa atawapempherera anati zikomo."

"Ankati zikomo kwa aliyense."

Taeho anapuma mozama. Anatsegula kabokosi kaja n'kutulutsa bakuli latsopano lachitsulo chosachita dzimbiri, lowala ngati kalilole, pepala la mtengo likadali pansi pake.

"Ngati mukufunabe kuchita jesa, chitani, sindikuletsani. Nali. Mpunga ndi mpunga, bambo. Mzimu suyang'ana mbale."

"Amako amayang'ana."

"Bambo..."

"Pachivundikiro paja unaphwanya ndiwe."

"Ine? Liti?"

Taeho anakhala pang'ono, foni yake inalira, anaimirira nati adzaimba mawa. Bakuli latsopano analisiya pa tebulo. Chitseko chitatsekeka a Pyo analibwezera m'kabokosi, n'kukaika panja pakhomo, pambali pa zinyalala zachitsulo.

Loweruka anadzuka kukadali chisisira. Anatsuka mpunga watsopano. Anaphika msuzi wa ng'ombe momwe ankaonera akazi awo akuphikira makolo a mwamuna wawo zaka zonse zija, wopanda tsabola. Anawotcha nsomba youma. Anasenda apozi pamwamba pokha. Kenaka anakhala pansi n'kuyang'ana chitseko.

Akanatha kuchitsegula madzulo, monga mwa mwambo. Amake Taeho akanakwera makwerero, n'kulowa, n'kupeza mbale yachilendo, n'kuikankhira kumbali, n'kubwerera ndi njala. Ankawadziwa. Ndiponso mayiwo akanayamba apita kumene kuli bakuli lawo.

Masana anakwecha bakuli lawo lomwe, la mwamuna, n'kudzazamo mpunga wotentha mpaka kutumphuka. Msuzi anathira m'fulasiki. Zonse anamanga m'nsalu ija ya pamwamba pa kabati, pamodzi ndi kabotolo ka mowa wa mpunga. Anavala suti yakuda ya pamaliro, jekete lotuwa pamwamba, n'kupita kukadikira basi.

A Tak anali pabenchi ya m'kati mwa nyumba ya chikhalidwe, pafupi ndi potulukira mpweya wofunda, chipewa chili kumaso. Anadzidzimuka.

"Lero si Lachinayi, achimwene. Nanga sutiyi? Mukukafunsira mbeta?"

Anaona phukusi lija, ananunkhiza msuzi, n'kuvula chipewa.

"Aa. Ayi, achimwene. Muno salola ndi chingamu chomwe."

"Ugwire mlonda."

"Ndimugwire bwanji? Mnyamata uja ndi chimphona."

"Lankhula."

"Zimenezo ndiye mwapeza mwini wake," anatero a Tak. Anaimirira, anakonza lamba, n'kulunjika kwa mlonda akufuula kale za msewu wina umene unasinthidwa dzina popanda kufunsa madalaivala.

Loweruka anthu ankachuluka. Munali mabanja, achinyamata ogwirana manja, ndi gulu la amayi ovala majekete okwerera mapiri amene anatsika m'basi imodzi. A Pyo anadutsa pakati pawo mpaka pakona paja. Anagwada, anamasula nsalu n'kuiyala pansi patsinde pa galasi. Anaika nsomba, apozi, kapu ya mowa. Msuzi anathira m'chivundikiro cha fulasiki. Pakati anaikapo bakuli lawo, analivundukula, nthunzi n'kukwera mpaka kuchita chifunga pagalasi. Lubani anali naye m'thumba, koma sanayatse. Moto m'nyumba ya eni ake ayi.

Anazika supuni mumpunga choimirira.

Mabakuli awiri aja anayang'anana, lina kunja, lina m'kati.

A Pyo anaimirira, anaphatikiza manja pamphumi, anagwada mpaka mphumi kugunda pansi. Maondo analira. Anadzuka movutikira, n'kugwadanso. Ali chigwadire choncho anamva kuti m'chipinda monse mwati zii, ndipo mumtima anati anthu a mzinda uno ulemu akadali nawo.

Kenaka anamva mafoni. Tcheke, tcheke, tcheke.

"Akuchita bwino bwanji!" ananong'ona mmodzi wa amayi aja. "Ngati zenizeni."

"Amachita nthawi yanji? Papepala sanalembepo."

"Sunthako iwe, ndijambule ndi bakuli la m'galasilo."

"Ndi wa zisudzo ameneyu. Ndinamuonapo pa wailesi ya kanema."

"Taona, mwanawe," bambo wina anauza mwana wake wamkazi, "agogo ako ankachita chonchi kalekale."

Mwambo umati womwalira akamadya, amoyo atembenuke kapena aweramitse mutu, asamuyang'ane m'kamwa. A Pyo anakhala chogwada, mutu pansi, maso otseka. Anayesa kumva ngati mkono wa jekete ukukokedwa. Anangomva nsapato zikuyandikira, ndi fungo la mafuta odzola a anthu osawadziwa. Amake Taeho ankachita manyazi kudya pagulu. Ngakhale paukwati wa mwana wawo yemwe anangolawa.

Atakweza mutu n'kuzula supuni, anthu anawomba m'manja.

Anawomba ndithu, mwamphamvu, ena akumwetulira, mayi wina akupukuta misozi. Mmodzi anafika pafupi n'kufunsa ngati angajambulitse nawo.

"Mukuwombera chiyani?" Anali a Tak, akukankha anthu ndi zigongono, mlonda ali pambuyo pawo. "Mukuwombera chiyani, anthu opanda maso inu? Mwaona ngati ndi sewero? Akazi awo amenewo! Chotsani mafoniwo, ndingakuponyereni m'nyanja!"

Manja analeka mmodzimmodzi. Ena anawerama n'kuchoka msanga. Ena anabisa mafoni kumbuyo koma osachoka. Mnyamata wina anaseka, bwenzi lake n'kumugunda paphewa.

Mayi Ha anafika akuthamanga. Anaona nsomba pansi, anaona nthunzi pagalasi, ndipo dzanja lake linapita lokha kukapukuta ndi golovesi. Mlonda anayamba kudandaula za malamulo, iye n'kumuletsa ndi dzanja. Anagwada pambali pa a Pyo.

"Agogo, mwamaliza?"

"Sanadye."

"Pepani?"

"Anthu achuluka."

Mayi Ha anawathandiza kutseka fulasiki. Kenaka, mosamala, ngati munthu woponda pa madzi oundana, anati:

"Agogo, musandimve molakwa. Zimene mwachitazi zakhudza anthu. Masiku ano ochita mwambowu mokwanira ndi ochepa, ana ambiri sanauonepo. Mukanalola, tikanakonza tsiku, mwina Loweruka lililonse mpaka chionetsero chithe. Tikanaika mipando, chingwe, kuti anthu asakuyandikireni. Mpunga wake tikanapeza wapulasitiki, chifukwa cha nthunzi."

"Iwe mtsikana," anayamba a Tak.

"Tak," anatero a Pyo, ndipo a Tak anatseka pakamwa.

A Pyo anakhuthulira mpunga m'kathumba ka pulasitiki, pakuti chakudya cha jesa sichitayidwa. Anatenga bakuli lawo n'kupita nalo kuchimbudzi. Kumeneko analitsuka pa sinki ndi madzi ozizira, analipukuta ndi mpango wa m'thumba mpaka kuuma, n'kubwerera. Analigwira ndi manja awiri, n'kulipereka kwa Mayi Ha.

"Liikeni pamodzi."

"Agogo?"

"Anabwera awiri."

Mayi Ha sanatambasule manja.

"Ndi lokongola, agogo. Koma sindingalandire chinthu pamanja chonchi. Nachonso chimadzera ku komiti. Ndipo kunena zoona, mabakuli a amuna tili nawo ambiri pansipa. Amene amasowa ndi a amayi, chifukwa ambiri ankadyera m'zotsala."

"Mwati pansipo mulibe kuwala."

"Ee, kuti zinthu zisawonongeke."

"Amaopa mdima."

Maso a Mayi Ha anafiira. Koma manja anakhalabe pamimba, atagwirana.

A Pyo anaika bakuli lija pamwamba pa galasi, molunjika mnzake. Anamanga phukusi lawo, anawerama pang'ono kwa mlonda, n'kutuluka. Kumbuyo ankamva Mayi Ha akuitana kuti agogo, agogo, ndi a Tak akumuuza kuti asiye, mwala ukagubuduka subwerera.

Madzulo amenewo foni inalira kangapo. Anali Taeho. A Pyo anadya mpunga wozizira wa m'kathumba kaja, ataukhuthulira pa chivundikiro cha poto. Chitseko sanatsegule.

Lachinayi lotsatira anavala jekete lotuwa n'kukwera basi. A Tak anawalandira pakhomo ndi nkhope yachilendo.

"Achimwene, mwatchuka. Mdzukulu wanga wandionetsa pafoni. Msana wanu wokha, nkhope ayi. Anthu alemba zambiri pansi pake, ati mwambo wathu ndi wokongola. Wina wafunsa kumene munagula suti."

A Pyo anadutsa. M'chipinda cha chionetsero bakuli la amake Taeho linali lokha m'galasi, monga kale. Pamwamba pa galasi panalibe kanthu. Pansi, pamene anayala nsalu paja, panali pataikidwa chikwangwani chatsopano choletsa kulowa ndi chakudya.

"Agogo!" Anali mlonda uja. Anawatsogolera ku tebulo lake la pafupi ndi makwerero, n'kukoka katoni yaikulu pansi pake. M'katimo munali maambulera, golovesi limodzi la mwana, mipango ya m'khosi, magalasi a maso othyoka mwendo. Pakati pa zonsezo panali bakuli la a Pyo, chivundikiro chitamatidwa ndi tepi kuti chisagwe.

"Munaiwala tsiku lija. Mayi Ha anati ndikusungireni muno mwa zotayika mpaka mutabwera. Tengani."

A Pyo analiyang'ana. Ambulera ina yonyowa inali itadonthezera madzi pachivundikiro, ndipo banga linali litayamba kale.

"Zosatengedwa zimapita kuti?"

"Izi? Zikadzaza timatsitsira pansi. Zimangokhala kumeneko mpaka wina akumbuke."

"Pansi pa nthaka?"

"Ee."

"Pamodzi ndi za m'magalasi?"

"Ayi, zimenezo zili ndi chipinda chake, chokhoma. Zathuzi timaunjika m'kakhonde, pakhomo pake penipeni. Mayi Ha amadandaula tsiku lililonse kuti zimawatchinga." Mlonda ananyamula bakuli lija. "Nali, agogo."

A Pyo anaika manja m'matumba a jekete.

"Si langa."

"Aa, agogo, ndinakuonani ndi maso angawa."

"Si langa."

Mlonda anayang'ana a Tak. A Tak anakweza mapewa.

"Ine sindinawaonepo nalo. Akuluwa amadyera pa chivundikiro cha poto, mzinda wonse ukudziwa. Bwezera m'katoni, mphwanga, ndipo ukaliike pamalo ouma."

Anakwera makwerero pang'onopang'ono. Holo inali yofunda, ikununkha majekete onyowa. A Pyo anakhala pa mpando wawo wa nthawi zonse, wa kumanzere kwake uli wopanda munthu. Magetsi anazima. Kanema anali wa dziko lina lozizira, mwamuna ndi mkazi ali m'khitchini, mkaziyo akulankhula nthawi yaitali atatembenukira kuzenera. A Tak anali atayamba kale mkonono.

Mawu anayamba kudutsa pansi pa chithunzi, mzere ndi mzere. A Pyo anawasiya adutse.